Tsobola wakale sawawa, nanga njinga yakale?

"Tsobola wakale sawawa." Mwambiwu amaukonda achinyamata, makamaka mkulu akayamba kuwerengetsera za masiku a Kamuzu pomwe iwo akufuna kumva za mawa. Amati chinthu chilichonse chili ndi nyengo yake, ndipo nyengoyo ikapita, ukali nawo wapita. Mayi aliyense amene adathirapo m'ndiwo tsobola wogonera zaka ziwiri pansanja sangatsutse. Koma kumadzulo kwa nyanja ya Chilwa, m'boma la Zomba, kuli anthu amene nsima yawo imachokera pa kukangana ndi mwambi umenewu. Amapezeka pansi pa mtengo wa mango kapena pakhonde la golosale, pa Govala, pa Jali, padoko la Kachulu, manja ali bii ndi girisi, njinga ili chagada patsogolo pawo. Iwo sanena kuti mwambiwu ndi wabodza. Amangodziwa kuti pa njinga imodzi pali zinthu zokalamba msanga ndi zina zokana kukalamba, ndipo luso lawo lonse lagona pa kusiyanitsa ziwirizi.

Kuchokera mumzinda wa Zomba kukafika pa Kachulu ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 30. Msewu umachoka m'tsinde mwa phiri la Zomba n'kulowa m'chigwa chosalala, momwe phiri la Mpyupyu limaonekera patali lili lokhalokha. Mitsinje ya Likangala, Domasi ndi Thondwe imadutsa m'chigwachi kukathira m'nyanja, koma nyanjayo ilibe mtsinje wotulutsira madzi ake. Chimene chimatuluka ku Chilwa ndi katundu: matemba ouma, makumba, milamba yowamba, matumba a mpunga wa ku sikimu ya Likangala, mphasa. Kulowera kunyanjako kumapita nkhuni zowambira nsomba, ufa, mchere, shuga ndi ulusi wosokera maukonde. Zakhalapo zaka zimene nyanja iyi yokha inkapereka pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a nsomba zonse zogwidwa m'Malawi, ndipo zambiri mwa nsombazo, zisanaone lole kapena minibasi, zinkayamba ulendo m'dengu lomangidwa pa keliyala.

Dera lomweli ndi lankhanza kwa njinga. Dothi la makande likanyowa limakanirira pakati pa tayala ndi madigadi mpaka gudumu kukana kuzungulira, n'chifukwa chake njinga zambiri za kuno zidavulidwa madigadi kalekale. Likauma limang'aluka n'kusiya mabampu ogwedeza nati iliyonse. Madzi a Chilwa ali ndi kamchere, kamene kamakula nyanja ikamaphwa, ndipo madzi odontha m'dengu la nsomba zaziwisi amagwera pa limu, pa tcheni ndi pa habu yakumbuyo tsiku ndi tsiku. Dzimbiri limayambira pomwepo. Onjezanipo matumba awiri a makilogalamu 50, mwini wake akukankha m'malo mopalasa, ndiye mumvetsa chifukwa chimene njinga imene ku tauni ikadatha zaka khumi isanaone wowotcherera, kuno imathyoka keliyala dzinja lachiwiri.

Komabe chimene chimapachika njinga zambiri si dzimbiri. Ndi nyanja imene. Chilwa ndi yosazama, malo ambiri kuya kwake sikufika mamita 3, ndipo mvula ikavuta zaka zotsatizana imathawa. Idauma mu 1968. Idaumanso mu 1995, ndipo mu 2018 mbali yaikulu idasanduka bwalo la matope ong'aluka, mabwato atagona chammbali pa Kachulu, anthu akupita ku chilumba cha Chisi wapansi ndi panjinga m'malo amene ankapalasa ngalawa. Akabaza ena adapezerapo ndalama panjira yatsopanoyo. Koma kwa wogula nsomba, nyanja ikauma thumba laumanso. Asodzi amabalalika, ena ku Chiuta, ena ku Malombe, ena m'minda. Tcheni ikaduka nthawi ngati imeneyo, palibe amene angachotse ndalama ya ufa kuti akagule ina. Njinga imakwezedwa kudenga la kitchini kapena kutsamiritsidwa kuseri kwa nkhokwe, ana n'kuyamba kuisolola masipoko, nkhuku n'kumagona pa mtanda wake. Kenaka, monga amanenera akulu, madzi saiwala khwawa. Mvula imabwera, mitsinje imadzaza, nsomba zimene zidapulumukira m'maiwe ndi m'mathiriro a mitsinje zimaswananso, ndipo pakatha chaka kapena ziwiri padoko payambanso phokoso. Ndi nthawi imeneyi pamene zigoba zija zimatsitsidwa kudenga.

Chigoba chimafika kwa mmisiri chili paphewa, magudumu ali m'manja mwa mwana wotsatira pambuyo. Funso limakhala lomwelo kulikonse: "Amisiri, idzayendanso imeneyi?" Ndipo mmisiri wodziwa ntchito sayankha msanga. "Dikirani kaye, bambo, tione felemu."

Felemu ndiye nkhani. Matayala, tcheni, chishalo ndi mabuleki zimagulidwa, koma felemu ikafa njinga yafa. Mmisiri amapala dzimbiri ndi mpeni m'malo amene mapaipi amakumana, pakhosi pafupi ndi foloko ndiponso pansi pomwe pamadutsa ekiselo ya mapedulo, kufunafuna mng'alu wobisala. Amagogoda paipi ndi sipanala n'kutchera khutu: chitsulo chamoyo chimalira, chodyeka m'kati chimangoti phuu. Ena amamanga ulusi kuchokera kumbuyo, kuzunguliza pakhosi n'kubwerera mbali inayo, kuti aone ngati felemu idapotoka itagwa ndi katundu. Dzimbiri la pamwamba siliopsa munthu, ngakhale njinga ioneke yofiira yonse. Loopsa ndi la m'kati, limene limayamba madzi akalowera pa paipi ya chishalo n'kukhazikika pansi. Apa m'pamene mmisiri woona mtima amasiyana ndi wadyera. Wadyera amapaka penti wakuda pamwamba pa mng'alu n'kulandira ndalama, njinga n'kukathyokera munthu pakati pa Govala ndi Matawale, matemba ali mbwee mumsewu.

Felemu ikapambana mayeso, yotsalayo ndi ntchito ya kudekha. Zonse zimamasulidwa n'kuviikidwa m'chitini cha palafini. M'habu, pakhosi ndi pa ekiselo mumakhala timipira tachitsulo timene timazungulira m'timbale take. Girisi akauma n'kulowa mchenga, timipirato timasweka n'kukumba timaenje m'mbalemo, ndipo njinga imalira ngakhale ilibe katundu. Timipira n'totchipa, amagulitsa m'timapepala pamsika uliwonse. Chimene sichigulidwa ndi dzanja lodziwa pomangira: ukamangitsa gudumu limauma, ukalekerera limagwedera. Ndiye pali kotapini, kachitsulo kochepa kuposa chala chaching'ono, kamene kamagwira mkono wa pedulo ku ekiselo. Kakatha, pedulo imagwa mphwayi pa kupalasa kulikonse, ndipo eni njinga ambiri amangokhomerapo msomali kuti afike kunyumba. Msomaliwo umafikitsadi, koma umakuza bowo, ndipo amene adakana kugula kotapini amadzagula mkono wonse. Mmisiri amatenga kotapini watsopano, kumupala ndi tupa mbali imodzi mpaka alowe mokhuta, n'kuonetsetsa kuti mapedulo awiriwo aloza mosiyana ndendende. Akaphonya pang'ono, wopalasa amamva m'bondo asanathe kilomita.

Pa zonsezi, ntchito imene imaonetsa mmisiri weniweni ndi kuluka gudumu. Njinga zakale za ku England zinkabwera ndi masipoko 32 kutsogolo ndi 40 kumbuyo, pomwe zambiri za masiku ano zili ndi 36 uku ndi uku, choncho asanayambe n'komwe amawerenga mabowo a habu ndi a limu kuti aone ngati akugwirizana. Kenaka amalowetsa sipoko imodziimodzi, ina kudutsa pamwamba pa inzake, ina pansi, n'kubwezera gudumu pa felemu ili chagada. Amalizunguza, chala chachikulu chili pafupi ndi limu. Pamene limu yakhudza chala, amakunga masipoko a mbali inayo pang'ono chabe, n'kumasula a mbali ino pang'ono chabe, n'kuzunguzanso. Wopupuluma amakunga kwambiri malo amodzi, kupindika n'kusamukira kwina. Ogula nsomba ndi onyamula mpunga amapempha masipoko onenepa kumbuyo, ndipo ambiri amapita kwa wowotcherera kuti awapangire keliyala ya zitsulo zomangira nyumba ndi kuonjezera timitengo tiwiri tachitsulo pa foloko. Njinga imatuluka yolemera kuposa mmene idatulukira ku fakitale, komanso yoyenera msewu wa ku Kachulu kuposa mmene opanga ake adaganizira.

Pa mphira pokha, mwambi uja umapambana popanda apilo. Chubu chimene chakhala zaka zitatu kudenga, pa utsi ndi kutentha, chimauma. Mmisiri akhoza kuchiviika m'beseni, kupeza pamene pakutuluka thovu, kupala, kupaka guluu n'kumata chigamba chodulidwa ku chubu china, koma mawa chiboolanso pambali pa chigambacho. Tayala long'ambika m'mbali amalisoka ndi ulusi wa ukonde kapena kuliikira chidutswa cha tayala lina m'kati, ndipo limayenda ndithu, kwa kanthawi. Ngakhale kamphira kakang'ono ka mu valavu kakauma, munthu amapopa mpaka thukuta, mpweya ukutuluka pomwe walowera. Mmisiri wachilungamo amanena poyera: "Apa, bambo, musataye ndalama ya zigamba. Kaguleni chatsopano."

Mafelemu ena amene amatsitsidwa kudenga ndi akulu kuposa amisiri owakonza. M'midzi ya kwa Mwambo ndi kwa Kuntumanji, monga m'madera ambiri a dziko lino, njinga zoyamba zambiri zidabwera ndi amuna ochokera ku Salisbury, ku Bulawayo ndi ku migodi ya ku Joni. Wobwera kumudzi ndi sutikesi, wayilesi ndi Humber kapena Raleigh ya ku Nottingham ankaoneka kuti sadapite pachabe. Njira ya ku migodi idayamba kutsekeka mu Epulo 1974, ndege ya Wenela itagwa ku Francistown m'dziko la Botswana n'kupha Amalawi oposa 70, Kamuzu n'kuimitsa kulemba anthu ntchitoyo. Pambuyo pake m'masitolo mudadzaza njinga za ku India ndi ku China, monga Hero ndi Avon za ku Ludhiana ndi Phoenix ya ku Shanghai. Mwayi wake ndi wakuti mafakitale amenewa adatengera kapangidwe ka njinga yakuda ya ku England ija, ya matayala a mainchesi 28 ndi mabuleki a ndodo. Zipangizo za iyi zimalowa pa iyo. Motero pa Kachulu si zachilendo kuona felemu ya ku England, malimu a ku India, tcheni ya ku China ndi keliyala yowotcherera pa Jali zili pa njinga imodzi, mwini wake akulimbikirabe kuti ndi Humber ya agogo ake. Ndani angamutsutse? Felemu ndi yomweyo.

Palinso njinga zina zakale zimene zimafika ku Zomba zitaoloka nyanja zamchere. M'zaka za m'ma 2000, bungwe la Africycle la m'tauni ya Uxbridge ku Ontario, m'dziko la Canada, lidayamba kutolera njinga zimene eni ake adazisiya m'magalaja, kuzilonga m'makontena n'kuzitumiza ku Zomba, komwe lidatsegula shopu yozikonzera ndi kuzigulitsa. Nzeru yake idali pa mawu akuti kugulitsa. Njinga yogawidwa ulere ikathyoka, wolandirayo amadikira amene adampatsa. Yogula ndi thukuta imapita kwa mmisiri tsiku lomwelo. Anyamata a ku Zomba adapeza ntchito ndi luso m'shopumo, ndipo phindu linkathandiza kusamalira ana amasiye.

Nkhani yotchuka kwambiri ndi ya njinga za amtengamakalata a ku Britain. Kampani ya Royal Mail itaganiza zosiya kugawa makalata panjinga, zikwi za njinga zofiira zopangidwa ndi Pashley ku Stratford-upon-Avon zikadathera kwa ogula zitsulo zakutha. Bungwe la Krizevac Project lidazitenga n'kuyamba kuzitumiza ku Chilomoni mumzinda wa Blantyre, ku malo a Beehive, kumene zimakonzedwa ndi kugulitsidwa. Zina ankazikonzera ku Britain komweko n'kuzigulitsa ndi dzina lakuti Elephant Bike, ndipo munthu akagula imodzi kumeneko, ina inkatumizidwa ku Malawi. Eni ntchitoyi amasimba kuti dzinali lidachokera ku nkhalango ya Liwonde, kumpoto kwa chigwa cha Chilwa, komwe oyang'anira nyama adapeza kuti njovu sizikondwera ndi njinga zofiira, n'kuzipaka penti wobiriwira. Kaya njovu zinkadana ndi mtunduwo kapena ndi okwerapo, zimadziwa zokha. Chodziwika n'chakuti njinga yopangidwira kunyamula matumba a makalata tsiku lililonse siidabwa ikapatsidwa thumba la mpunga.

Koma walira mvula walira matope, ndipo apa ndi pamene okonda kuthandiza ena amaterereka. Si njinga iliyonse ya kaunjika imene ili mphatso kwa munthu wa ku Chisi. Yamagiya ambiri imasangalatsa pa chitunda cha ku Zomba, koma kachitsulo kosinthira magiya kamalendewera pafupi ndi nthaka, ndipo makande kapena chitsa akakapinda, pa Govala palibe wogulitsa kena. Matayala amasiyana saizi: wina akhoza kuzungulira misika itatu osapeza lolowa pa limu yake. Pali mavalavu ena oonda amene pampu ya m'mudzi siwagwira. Choipa kwambiri ndi felemu ya aluminiyamu. Ndi yopepuka, siichita dzimbiri, ndipo m'sitolo imaoneka yapamwamba. Koma ikang'aluka, wowotcherera wa pamsika sangaithe ndi makina ake, pomwe yachitsulo amailumikiza munthu akumwa thobwa. Motero zimachitika kuti njinga ya zaka zisanu, yonyezimira, imafa imfa yeniyeni chifukwa cha kanthu kamodzi kosowa, pomwe ya zaka 50 ikuyendabe. Mabungwe amene aphunzira amasankha njinga asanalonge, amatumiza ndi zipangizo zomwe, ndipo amaphunzitsa okonza. Amene sadaphunzire amangosamutsa dzala kuchoka kwawo kubwera nalo kuno, atalipira sitima.

A World Bicycle Relief, bungwe limene lidayamba mu 2005, adaona vuto lomweli n'kusankha njira ina: kupanga njinga yatsopano motengera nzeru zakale. Buffalo yawo, imene tsopano ikuoneka m'misewu ya ku Zomba pansi pa ana a sukulu ndi alangizi a zaumoyo, ndi yachitsulo, ya giya imodzi, ya keliyala yonyamula makilogalamu 100, ndipo amaphunzitsa amisiri m'madera momwe aigawa. Mainjiniya atafufuza njinga yoyenera kumudzi, adakafika pafupi kwambiri ndi chimene wowotcherera wa pa Jali ankapanga kale.

Ngakhale njinga imene mmisiri waikana siitayidwa yonse. Habu, mahandulo ndi mikono ya mapedulo zimalowa m'bokosi lake kudikira ina. Chubu chimadulidwa malegeni omangira katundu, ndipo palibe dengu la matemba limene limafika ku Zomba popanda malegeni. Masipoko amasanduka zisongole zosokera matumba, limu yopindika imapita kwa ana kuti aziithamangitsa ndi kamtengo, ndipo magudumu abwino amakalowa pa ngolo yonyamulira odwala kapena pa njinga ya munthu wolumala. Mmalawi amene adaonetsa dziko lonse kutalika kwa njira imeneyi ndi William Kamkwamba wa ku Wimbe m'boma la Kasungu. Njala ya 2001 ndi 2002 itamuchotsa kusekondale, adatenga njinga yakufa ya bambo ake, dainamo, ndi zitsulo zotola kudzala n'kupanga makina amphepo oyatsa magetsi m'nyumba mwawo. Nkhani yake idatuluka m'buku mu 2009 ndi mufilimu mu 2019. Anthu amakumbukira mphepo, koma chimene chinkazunguza dainamo lidali gudumu la njinga imene aliyense ankati yatha.

Masiku ano amisiriwa akukokedwa mbali ziwiri. Kwacha itagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo wa chilichonse chochokera kunja udalumpha: njinga yatsopano, tayala, tcheni, ngakhale guluu. Amene ankalota zogula yatsopano adayang'ananso kudenga. Mafuta akasowa m'mafilingi, monga zidachitikira mu 2022 ndi kumapeto kwa 2024, wa njinga yakapalasa amadutsa pambali pa mzere akuliza belu. Koma njinga zamoto zotchipa, zambiri zolowera ku Mozambique, zalanda kale okwera ambiri kwa akabaza opalasa, ndipo wogula nsomba amene wapeza mpamba amafuna kufika pamsika makumba asanafewe. Anyamata ambiri obwera kudzaphunzira ntchito amafuna injini, chifukwa kukonza njinga yamoto imodzi kumabweretsa ndalama yoposa ya zigamba khumi. Kumata chubu amaphunzira m'mawa umodzi. Kuluka gudumu kumafuna miyezi, ndipo m'misika yambiri ya m'chigwachi odziwa kuluka ndi amuna a imvi, amene ogula nsomba amalolera kuwadikira pamzere tsiku la msika, ngakhale mnyamata wa pakhonde loyandikana ali chikhalire wopanda ntchito.